MTEDZA: TIBZALE LITI, TIBZALE MTUNDU UTI?

Mtedza umatipatsa mafuta ophikira, nsinjiro ndi ndalama. Komabe ambiri a ife timayamba ndi chimanga ndi fodya, mtedza n'kudzabzala mu Januwale. Pokolola timapeza makoko ambiri ali opanda kanthu.

Chifukwa chiyani tibzale ndi mvula yoyamba?

Choyamba, mtundu uliwonse uli ndi masiku ake okhwimira. Chalimbana amafuna masiku 140 mpaka 150. Tikamubzala pakati pa Januwale, adzakhwima mu Juni, pamene m'madera ambiri mvula imatha mu Marichi kapena Epulo. Mtedza ukasowa chinyezi pamene ukukhwima umanyala, ndiponso umagwidwa chuku mosavuta. Chukuchi chili ndi poizoni woononga chiwindi.

Chachiwiri, matenda a kadukutu amafalitsidwa ndi nsabwe za mbewu. Nsabwezi zimakonda mtedza wanthete wobzalidwa mochedwa, makamaka m'munda wa mipata yambiri. Mtedza wobzala msanga umakhala utakula kale ndi kuphimba nthaka nsabwe zisanachuluke.

Tisankhe mtundu uti?

CG7, mtedza wofiira uja, anatulutsidwa mu 1990. Amakhwima pa masiku 130 mpaka 150, ali ndi mafuta ambiri, ndipo amabereka kuposa Chalimbana. Koma kadukutu amamugwira, choncho safuna kuchedwa. Nsinjiro, amene anatulutsidwa mu 2000, amapirira kadukutu. Mitundu imeneyi imayenera madera a mvula yotalikirapo monga Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu.

Kumene mvula imadula msanga, monga kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, tibzale mitundu yocha msanga monga Kakoma ndi Baka, imene imakhwima pa miyezi itatu kapena inayi. Tisachedwe kuikumba, chifukwa ikakhwima imamera m'nthaka momwemo pakagwa mvula.

Tichite chiyani?

1. Tikonze mizere ya mtedza pamodzi ndi ya chimanga mvula isanagwe.
2. Mizere italikirane masentimita 75. Pa CG7 ndi Nsinjiro mapando atalikirane masentimita 15, pa Kakoma ndi Baka masentimita 10, njere imodzi pa phando.
3. Ngati tachedwa, tisakakamire mtundu wochedwa kucha. Tifunse alangizi a zaulimi mbewu yoyenera dera lathu.

Mafunso okambirana m'magulu athu

1. Kwathu kuno mvula imayamba liti, nanga imatha liti?
2. Tingathandizane bwanji kuti mabanja osowa manja, monga a amayi amasiye ndi okalamba, abzale mtedza wawo pa nthawi yake?