CHULU, NYERERE NDI MAKINA OPHUNZIRA CHICHEWA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mvula yoyamba ikagwa, anthu okhala m'mphepete mwa phiri la Mpingwe, ku Bangwe ndi m'madera ena ozungulira Limbe, amadziwa kuti nyengo ya ngumbi yafika. Ana amasonkhana pansi pa magetsi ndi mabeseni a madzi, mwini chulu amachifunditsa udzu nakumbira mphika pambali pake, ndipo m'mawa mwake ngumbi zokazinga zimapezeka mumsika wa Limbe. Zonsezi nzodziwika kwa aliyense. Chimene ambiri a ife sitinaimepo kuti tichilingalire ndicho chulu chenichenicho. Ndani analamula kuti chimangidwe chotero, ndi zipinda zake, ndi tinjira take ta mpweya, ndi minda ya bowa m'kati mwake, kumene kumachokera utale umene amayi amazula m'dzinja? Funsoli likuoneka ngati la ana, koma lavutitsa anthu ophunzira kwa zaka zoposa 100, ndipo yankho lake likutikhudza ife amene timagwira ntchito ndi chinenero, m'kalasi ndi m'maofesi a Boma, pa nthawi ino imene makina ayamba kulemba Chichewa.

MANTHU SALAMULA

Ambiri tingayankhe kuti wolamula ndiye manthu, chiswe chachikulu chija chokhala pakati pa chulu. Eugène Marais, mlembi wa ku South Africa amene anapenyetsetsa chiswe zaka zambiri, anaphunzitsanso chomwecho: kuti chulu chonse chili ngati thupi la nyama imodzi, ndipo manthu ndiye ubongo wake. Fanizo la thupi akatswiri akuligwiritsabe ntchito, koma la ubongo analikana. Chilowereni pansi akali ngumbi, manthu sanaonenso kunja. Ali m'kachipinda kotsekedwa, sangathe n'kuyenda komwe, ndipo ntchito yake njoikira mazira usana ndi usiku. Fungo lake limamveka kwa antchito, koma za kamangidwe ka nyumba alibe nazo mawu.

Amene anamasula mfundoyi ndi Pierre-Paul Grassé wa ku France, mu 1959. Iye anaona kuti poyamba chiswe chilichonse chimangosenza kadothi konyowa ndi malovu nichikataya paliponse, mopanda dongosolo. Koma pamene pagwera timadothi tingapo pamodzi, pamenepo ndipo chiswe chinzake chimakonda kuika kake. Kamulu kakakula kamakopa antchito ambiri, nikasanduka mzati, ndipo mizati iwiri yoyandikana imapendekerana kufikira itakumana pamwamba. Palibe chiswe chimene chinauza chinzake kanthu. Ntchito yochitidwa kale ndiyo imauza wobwera pambuyo chimene ayenera kuchita. Grassé anachitcha chimenechi stigmergie, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza chizindikiro ndi ntchito. Akatswiri a pambuyo pake akhala akutsutsana ngati chokopacho ndi fungo, chinyezi kapena maonekedwe a khoma, koma pa mfundo yaikuluyo amavomerezana. Makolo athu ananena kale kuti chiswe chimodzi sichiumba chulu. Chimene Grassé anawonjezera ndicho chakuti pagulu lonselo palibe kapitawo.

Munthu wokayika ayende m'mamawa pa tinjira tachidule timene anthu a ku Bangwe amadzera popita ku ntchito ku Limbe. Palibe injiniya anatijambula. Woyamba anaponda udzu, wachiwiri anadzera pomwepo chifukwa panali pofewa, ndipo kanjira kamene kanali kozungulira kanameranso udzu chifukwa mapazi anachepapo.

Nyerere zimachita chimodzimodzi ndi fungo. Mu 1989 Jean-Louis Deneubourg ndi anzake ku Brussels anaika milatho iwiri pakati pa funkha la nyerere ndi chakudya, wina waufupi, wina wautali. Poyamba nyerere zinagawikana, koma zodzera pa waufupi zinkabwerera msanga, motero fungo linachuluka pamenepo, ndipo posakhalitsa pafupifupi gulu lonse linasankha njira yaifupi popanda nyerere ndi imodzi yomwe yoyeza mtunda. Marco Dorigo wa ku Italy anatenga nzeru imeneyi naiika m'kompyuta mu 1992. Anapanga nyerere za manambala zimene zimasiya chizindikiro pa njira iliyonse zadzerapo, ndipo chizindikirocho chimazilala pang'onopang'ono ngati palibe wochiwonjezera. Njira yakeyo yagwiritsidwa ntchito pokonza maulendo a magalimoto onyamula katundu ndi pa mavuto ena otero. Mu 2014 a pa yunivesite ya Harvard anaonetsa timaloboti tomanga makoma ndi masitepe monga chiswe, kalikonse kakungoyang'ana njerwa zimene zili patsogolo pake.

CHINENERO NACHONSO NDI CHULU

Tsono tibwere ku zathu. Ndani analamula kuti zovala zakale zogulitsidwa pamulu zitchedwe kaunjika, kapena kuti njinga yonyamula anthu ikhale kabaza? Sipanakhale msonkhano. Wina anatchula, wina anamva nabwereza, ndipo mawu ena amene anapikisana nawo anafota chifukwa chosowa owanena. Ngakhale David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, potulutsa buku lake lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja mu 1892, anatola zimene anapeza pakamwa pa anthu. Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, Boma linakhazikitsa Chichewa Board mu 1972, ndipo ntchito yake pa kalembedwe tikudyerera nayo kufikira lero. Mu 1996 udindowo unapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Mabungwe otere amakonza ndi kusunga, ndipo tiyenera kuwalemekeza. Koma mphunzitsi aliyense adziwa kuti mawu opangidwa pa tebulo amakhala ndi moyo pokhapokha anthu akawanyamula.

Apa tichenjere pang'ono, pakuti fanizo likakoma munthu amatha kulipitiriza. Karl von Frisch, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973, anasonyeza kuti njuchi imavina pa zisa pouza zinzake mbali ndi mtunda kumene kuli maluwa. Koma Émile Benveniste, katswiri wa zinenero, anali atanena kale mu 1952 kuti gule ameneyu sangafanane ndi chinenero cha munthu, pakuti njuchi siyankha inzake, ndipo singapereke uthenga wa maluwa amene yangowamva osawaona. Mwana wa Sitandade 2 amachita zonse ziwiri asanalowe m'kalasi. Chimene tikufanana ndi tizilomboti ndi kamangidwe kokha: ambirimbiri kuwonjezera pang'onopang'ono pa zimene anasiya ena.

Makina olemba ndi kuyankha, monga ChatGPT amene anatuluka mu 2022, sanapangidwe ndi njira ya Dorigo ija, koma khalidwe lawo silili kutali ndi la nyerere. Amawerenga mawu osawerengeka olembedwa ndi anthu, naphunzira kuti pambuyo pa mawu akuti pamakonda kubwera akuti. Amadzera popondedwa kale. Pa Chingerezi njirayo ndi msewu waukulu wa tara. Pa Chichewa ndi kanjira kosaoneka bwino, ndipo chochuluka cha Chichewa chimene chili pa intaneti ndi chomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi. Nchifukwa chake kalaliki amene wayesa Google Translate, imene inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, amapeza ziganizo zimene mawu ake ndi athu koma mafupa ake ndi achilendo.

Alipo a kwathu kuno amene akupalira kanjirako. Pa Chichiri, pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Blantyre, pa yunivesite ya MUBAS imene kale inali Polytechnic, Dr Amelia Taylor anayambitsa Kuyesera AI Lab, ndipo anasonkhanitsa nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa zimene akatswiri anapikisana nazo pa Zindi pophunzitsa makina kuzigawa monga mwa mitu yake. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayesa Ulangizi, makina oyankha mafunso a alimi m'Chichewa pa WhatsApp, amene mayankho ake amawatenga m'buku la malangizo la Unduna wa Zamalimidwe. Mlimi wofunsa za matenda a nkhumba zake ndiye adzapindula kapena kuluza monga mwa Chichewa chimene makinawo anaphunzira.

BWALO LA LINTHUMBU

Kudzera popondedwa kuli ndi ngozi yake. Mu 1921 William Beebe analemba za nyerere zoyenda chigulu zimene anaziona ku British Guiana, zofanana ndi linthumbu lathu, zimenenso sizipenya koma zimangotsata fungo la zinzake. Zapatsogolo zinasokera nizipeza mchira wa mzere wawo womwe, ndipo zinayamba kuzungulira bwalo la mamita pafupifupi 370, nyerere iliyonse ikutha maola awiri ndi theka pa ulendo umodzi. Kuzungulira kulikonse kunkalimbitsa fungo. Zambiri zinafa ndi kutopa, kufikira zowerengeka zitapatuka pamzere ndipo zotsalazo zinazitsata kulowa m'nkhalango.

Mu 2024 akatswiri a ku Oxford, Cambridge ndi kwina anasonyeza m'magazini ya Nature kuti makina nawo amatero. Akaphunzitsidwa ndi zolembedwa ndi makina anzawo, m'badwo ndi m'badwo, zoyamba kutayika ndi zinthu zosowa, zimene zimapezeka mwa apo ndi apo, ndipo potsiriza zolemba zawo zimangobwereza zochepa zomwezomwezo. Kwa Chingerezi ngoziyi ili patali. Kwa ife ili pakhomo. Taganizani za kalaliki amene wapatsidwa chidziwitso cha katemera kuti achimasulire, nachipereka kwa makina, nachiika pa intaneti osachiwerenga. Chaka chamawa makina ena adzachiwerenga ngati Chichewa chenicheni. Mawu oyamba kugwa m'njira adzakhala onga manthu, utale ndi agang'a, amene agogo amawadziwa koma sanalembedwe kawirikawiri.

M'maganizo athu, mphunzitsi kapena kalaliki sayenera kuopa makinawa, ndipo sitikuona cholakwa kuwagwiritsa ntchito. Cholakwa ndi kusaina pansi pa chiganizo chimene iye mwini sakanachinena pamaso pa amfumu a kwawo.

Chichewa cholembedwa ndi anthu tili nacho chochuluka kuposa chimene makina anachiona. Chili m'makope akale a Boma Lathu ndi Za Achikumbi, m'mabuku a sukulu, m'matepi a MBC, ndi m'mafayilo a ku National Archives ku Zomba. Chambiri mwa icho chikali pa pepala ndi pa tepi, kumene makina safikako, ndipo makiyi a zipinda zimenezo ali m'manja mwa antchito a Boma amene amawerenga tsamba lino.