Njinga ya olumala m'ndege

Ku Angónia kuli anthu amene sangathe kuyenda ndi miyendo yawo. Ena anapuwala ndi poliyo. Ena anaponda mabomba okwirira a nkhondo imene inatha mu 1992. Ena mwa iwo amayenda pa njinga yopalasa ndi manja. Palinso njinga ina yaing'ono yoyendera batire, imene imapindika ngati mpando.

Kodi njinga yotere ingakwere ndege? Inde, ingakwere.

Munthu wocokera ku Ulónguè amapita ku Tete, ku bwalo la ndege la Chingodzi. Kumeneko amakwera ndege ya ku Maputo. Ayenera kudziwitsa eni ndege kudakali masiku awiri, kuti akonzeretu malo a njinga ndi munthu womuthandiza kukwera.

Njinga imapindidwa n'kuikidwa m'mimba mwa ndege, pamodzi ndi katundu. Koma batire la lithium likacotsedwa pa njinga, sililowa m'menemo. Mwini wake amaphimba nsonga zake n'kulowa nalo mokhala anthu. Mphamvu yake isapitirire 300 Wh.

Cifukwa cake n'ciani? Batire lotere likaphwanyika limatentha, ndipo lingathe kuyaka moto. Mokhala anthu, anchito a m'ndege amaona utsi msanga n'kuzimitsa motowo. Kumene kuli katundu kulibe munthu woona.

Ndege ikatera, njinga iyenera kubwezedwa ili yabwinobwino. Ikathyoka, mwini wake sangathe kupita kucipatala, kusukulu kapena kunchito. Njingayo ndiyo miyendo yake.

Mafunso
1. Kodi njinga imaikidwa pati m'ndege?
2. N'cifukwa ciani batire limakhala ndi mwini wake?