Ndege Ikasowa M'mapiri, Amaifufuza Bwanji?

Ambiri a inu mukukumbukira Lolemba la pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa, kulunjika ku Mzuzu. Ulendowo ndi wosakwana ola limodzi. M'ndegemo munali anthu asanu ndi anayi, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, amene ankapita ku maliro a Ralph Kasambara. Ndegeyo sinafike. Inapezeka m'mawa mwake m'nkhalango ya Chikangawa, itaphwanyika, onse atamwalira. Funso limene anthu anafunsa m'misika ndi m'mabasi linali lakuti: chinthu chachikulu chotero chingasowe bwanji usiku wonse?

Choyamba tidziwe kuti makina a radar saona kuseri kwa phiri. Ndege ikatsika n'kumauluka pakati pa zitunda, woyang'anira pa bwalo amadalira mawu a woyendetsa basi. Mawuwo akaleka kumveka, ofufuza amangotsala ndi malo amene ndege inamveka komaliza, liwiro lake ndi mafuta amene inanyamula. Akawerengetsera zimenezi amajambula bwalo pa mapu, ndipo bwalolo likhoza kuphimba boma lathunthu.

Chimene chimachepetsa bwalolo ndi kachipangizo kotchedwa ELT. Ndege ikagunda pansi, kameneka kamadzidzimuka kokha n'kuyamba kulira pa wailesi, ndipo masetilaiti a Cospas-Sarsat amamva kulirako n'kuuza opulumutsa malo ake. Chiyambire 2009 masetilaitiwo amamvera zipangizo za 406 MHz zokha. Akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU, amene boma linawaitana popeza ndegeyo inapangidwa kwawo, anapeza kuti batire ya ELT ya ndege ija inatha nthawi yake mu 2004. Kwa ine, omvera, mfundo yowawa kwambiri m'nkhani yonseyi ndi imeneyi. N'chifukwa chake ofufuza anatembenukira ku nsanja za mafoni, kufunsa nsanja imene inamva komaliza mafoni a anthu a m'ndegemo. Yankho linaloza dera la pafupi ndi Raiply, ndipo asilikali ndi apolisi analowa m'thengo wapansi.

Amene anadutsako pa Viphya mwezi wa Juni akudziwa mmene chifunga chimakhalira kumeneko. Munthu saona ngakhale mtengo umene uli patsogolo pake, ndipo mitengo ya paini imabisa chilichonse chogwa pansi pake. Komabe tsiku limodzi si lalitali pa ntchito yotere. Ku America, Steve Fossett anasowa ndi kandege kake mu Seputembala 2007, ndipo ngakhale ndege zambiri zinamusakasaka, zotsala zake zinapezeka patapita chaka, munthu woyenda m'mapiri a Sierra Nevada atatola zitupa zake.

Ndege ikapezeka, ntchito yachiwiri imayamba, yofufuza chifukwa. Ndege ya ku Chikangawa inalibe mabokosi aja osunga mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka makina. Akatswiri anawerenga zimene zinalipo: kumwazikana kwa zidutswa, zipsera pa mitengo, injini, ndi kachipangizo ka GPS kamene kanasunga njira yonse ya ulendowo. Njirayo inaonetsa ndege ikukhotakhota, kukwera ndi kutsika, ili pafupi kwambiri ndi nthaka. Lipoti lomaliza la BFU, la mu 2025, linanena kuti oyendetsa anapitiriza ulendo akuuluka m'munsi pa nyengo yosaoneka bwino, mpaka ndege inagunda chitunda chimene chinali kukwera patsogolo pawo. Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Justice Jabbar Alide, mu Disembala 2024, nayonso inatchula nyengo yoipa ndi zosankha za anthu.