Kuyeza Mphamvu ya Mphenzi

Dzinja likafika, mabingu amagunda kuchokera ku mapiri a ku Ntchisi, ndipo magetsi amazima kawirikawiri. Tsono lero tikambe za mphenzi ndi mawaya amene apita m'minda mwathu kuchokera ku Salima kunka ku Nkhotakota.

Kodi munthu angathe kuyeza mphenzi? Inde, angathe. Magetsi oyenda m'waya amawawerenga ndi muyezo wotchedwa ampere. Simbi yamagetsi yositira zovala imadya ma ampere ngati 5. Koma mphenzi wamba imatsika ndi ma ampere ngati 30,000, ndipo zina zaukali zimapitirira 100,000.

Anadziwa bwanji? M'chaka cha 1932 akatswiri a ku America anapeza nzeru yomangirira tizitsulo ting'onoting'ono pa nsanja za mawaya. Mphenzi ikatsika pansanjapo, kachitsulo kaja kamasanduka maginito, ndipo poyeza ukali wa maginitowo ankadziwa kukula kwa mphenziyo. Ku Switzerland nako, Karl Berger anayeza mphenzi pa phiri la San Salvatore kuyambira 1943, kwa zaka pafupifupi 30.

Miyezo imeneyi inaphunzitsa amisiri kuti chinthu chachikulu chotere sungachitsekereze, koma uchipatse njira. Pa nsanja zambiri zazikulu, waya wapamwamba penipeni sanyamula magetsi ayi. Ntchito yake ndi kulandira mphenzi kuti itsike ndi nsanja kulowa pansi. Pa mtengo wa transifoma muonanso waya wotsika mpaka m'nthaka.

Apa ndi pamene ife alimi tilowapo. Dothi lonyowa la kudimba limalandira magetsi msanga, koma mchenga wouma ngati wathu wa kunyanja kuno umakana. Chifukwa chake amisiri amakhomera zitsulo pansi ndi kukwirira waya kuzungulira mtengo. Wayayo akaduka ndi khasu, kapena wina akamuba kuti akatchere msampha, mphenzi imasowa podzera. Pamenepo imalumpha timbale tija togwira mawaya, n'kukatentha transifoma. Chigayo chimaima, mankhwala a m'firiji kuchipatala amaonongeka. Ena adzati, "Atumiza mphenzi!" pamene mwini khasu ali pomwepo.

Polima, siyani malo kuzungulira mtengo wa magetsi. Musamangirirepo mbuzi, ndipo ana asausepo mvula. Mukaona waya wa pansi woduka, musamugwire. Kauzeni amfumu kuti atumize mawu kwa a ESCOM.