Ngwazi Ndani, Mdani Ndani? Mtsutso wa Anyamata a kwa Ngokwe

Dzuwa likapendeka kwa Ngokwe, m'boma la Machinga, asodzi akamachokera ku nyanja ya Chiuta ndipo alimi a mpunga akaweruka kudambo, anyamata ambiri amalunjika ku tinyumba toonetsera kanema ta pamsika. Mkatimo mumakhala mabenchi, chinsalu chotchinga pakhomo ndi chimkuzamawu chimene phokoso lake limamveka kutali. Mafilimu ambiri ndi omasuliridwa m'Chichewa, ndipo womasulirayo amathirirako zake ndi kupatsa anthu a m'filimu maina a kuno kwathu. Komabe nkhani yeniyeni imayamba kanema atatha, pamene oonera aja atulukira panja ndi kuyamba kutsutsana za amene adali wolungama ndi amene adali wolakwa.

Kale mtsutso wotere kudalibe. Mwana aliyense ankadziwa kuti m'filimu muli ngwazi, imene anyamata amaitcha ekita, ndiponso muli mkulu wa adani amene ayenera kufa kumapeto. Masiku ano zinthu zidasintha. Opanga mafilimu a anthu a mphamvu zodabwitsa adayamba kupatsa adani zifukwa zomveka, motero kuti woonera amatuluka mutu uli ndi mafunso.

Chitsanzo chachikulu ndi filimu ya Black Panther, imene idatuluka mu 2018, ngakhale kuti munthu wakeyo adayamba kuoneka m'mabuku a nkhani za zithunzi mu 1966, polembedwa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby. Nkhani yake imachitikira m'dziko longopeka la Wakanda, la mu Africa muno, limene silidalamulidwepo ndi atsamunda ndipo lidabisa chuma chake, mwala wotchedwa vibranium. Mfumu yake ndi T'Challa. Mdani wake ndi Killmonger, mwana wa N'Jobu, mng'ono wake wa mfumu yakale T'Chaka. Mfumuyo idapha mng'ono wakeyo mu mzinda wa Oakland ku America, ndi kusiya mwana wamasiye kumeneko osamutenga, pofuna kuti nkhaniyo isamveke. Mwanayo adakula ali ndi mkwiyo, adalowa usilikali, ndipo pomaliza adabwera kudzalanda ufumu kuti atumize zida kwa anthu akuda oponderezedwa m'maiko onse.

Apa ndi pamene anyamata amagawikana. Mbali ina imati Killmonger sadalakwe, pakuti mwana wamasiye wotayidwa ndi abale ake ali ndi mlandu womveka pabwalo lililonse, ndipo mpando adaupeza mwa mwambo, pogonjetsa T'Challa pamaso pa akuluakulu. Imakumbutsanso mmene iye adafunsira mu nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London kuti katundu wa makolo a mu Africa adafika bwanji kumeneko. Mbali inayo imayankha kuti munthu amene adapha bwenzi lake lomwe popanda chisoni, ndi kulamula kuti mankhwala opatsa mafumu mphamvu atenthedwe kuti pasadzakhalenso mfumu ina pambuyo pake, sadali kufunira anthu ufulu koma ulamuliro wake wokha.

Chosangalatsa nchakuti woonera wa kwa Ngokwe amaona zimene woonera wa ku America sangazione msanga. M'Chingerezi anthu awiriwa amatchulidwa ngati asuwani. Koma m'Chichewa ndi m'Chiyao ana a munthu ndi mng'ono wake ndi pachibale chenicheni. T'Chaka kwa Killmonger ndi bambo aakulu. Tsono nkhondoyo ndi ya mkulu ndi mng'ono wake, ndipo kusiya mwana uja kuchilendo ndi mlandu wa banja lonse. Palinso mfundo ya ufumu. Pakati pa Ayao ndi Achewa ambiri mpando umatsata kuchikazi, ndipo wolowa ufumu amakhala mwana wa mlongo wake wa mfumu. Mwa mwambo umenewo onse awiri akadabwezedwa pabwalo, chifukwa aliyense ankaloza kwa bambo wake. Mfundo iyi imaseketsa, koma mwana amene waifikira yekha waphunzira kufanizira miyambo iwiri popanda womuuza.

Amalawi ali ndi chifukwa chinanso choikondera filimuyi. Mmodzi mwa akuluakulu a bwalo la mfumu ya Wakanda adali mayi Connie Chiume, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa amene bambo wake adachokera ku Nkhata Bay. Mayiwa adamwalira mu 2024.

Funso loti ngwazi ndani silachilendo mu Africa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Drum inkasindikiza magazini ya zithunzi yotchedwa African Film, imene ngwazi yake idali Lance Spearman, wapolisi wachinsinsi wovala suti ndi chipewa, wolimbana ndi mdani wake Rabon Zollo. Achinyamata a ku Kenya, Nigeria ndi maiko ena ankailimbirana. Koma mu 1975 ku South Africa kudatuluka ngwazi ina, Mighty Man, munthu wakuda wa mphamvu zoposa anthu onse. Iye ankathamangitsa mbava ndi atsotsi m'makomboni, koma sadakwezepo chala pa malamulo a tsankho amene ankazunza anthu akewo. Pambuyo pake zidaululika kuti ndalama zosindikizira mabukuwo zinkachokera mobisa ku boma la tsankho lomwelo. Pa chipolowe cha ana a sukulu a ku Soweto mu 1976 achinyamata adali atazindikira kale kuti mdani wao sadali wa m'zithunzi uja, ndipo mabukuwo adaleka kutuluka mu 1977. Wofunsa kuti ngwazi ndani ayeneranso kufunsa kuti wajambula ngwaziyo ndani, ndipo walipira ndani.

Mbiri ya boma la Machinga lenilenilo ili ndi mfundo yomweyi. Mu 1895 asilikali a boma la Angerezi, pa nthawi ya Harry Johnston, adagonjetsa mfumu Kawinga ku mapiri a Chikala. M'mabuku a atsamunda mfumuyo idalembedwa ngati mdani chifukwa cha malonda a akapolo, ndipo malondawo adalikodi, adaliza mabanja ambiri. Komanso nzoona kuti iyo idali mfumu yokana kugonjera alendo amene adadza kudzalamula ndi kukhometsa msonkho. Zonse ziwiri nzoona, ndipo wophunzira wotha kuzigwira pamodzi popanda kutaya imodzi ndiye wayamba kumvetsa mbiri. John Chilembwe naye boma la atsamunda lidamutcha woukira mu 1915. Lero nkhope yake ili pa ndalama ndipo dziko limamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse.

Mdani wina amene amautsa mapiri pachigwa ndi Thanos wa mu filimu ya Avengers: Infinity War, ya mu 2018 momwemo. Iyeyu adafafaniza theka la zamoyo zonse ponena kuti anthu achuluka kuposa chakudya. Kudera kumene minda ikuchepera m'badwo uliwonse, ndi kumene anthu adaona nyanja yoyandikana nayo ya Chilwa ikuphwa mu 1995 ndi kuchepanso kwambiri mu 2018, maganizo otere samveka ngati nthano chabe, ndipo alipo anyamata amene amati mkuluyo adaganiza bwino. Maganizowo ndi akale. Thomas Malthus adalemba zofanana nazo mu 1798. Koma mphunzitsi wa masamu angathe kuwayesa pa bolodi. Kalembera wa mu 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'Malawi, ndipo wa mu 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni. Ndiye kuti Thanos akadachita zakezo kuno, akadangobweza dziko m'mbuyo ndi zaka makumi atatu, chiwerengero nkubwereranso pomwe chidali, maliro okhaokha ndiwo phindu lake. Munthu wokhala ndi mphamvu zonse zija akadatha kuchulukitsa chakudya, koma adasankha kuchepetsa pakamwa.

Aphunzitsi ndi makolo ambiri amadana ndi tinyumba ta kanema, ndipo dandaulo lao lili ndi maziko. Ana ena amathawa m'kalasi, ndalama ya cholembera imathera pakhomo la kanema, ndipo mafilimu ena sayenera maso a ana. Zimenezo nzofunika kuzidzudzula. Koma nkulakwa kutaya mtsutso uja pamodzi ndi zoipazo. Mnyamata yemweyo amene amakhala duu pofunsidwa khalidwe la mpangankhani m'buku la Chichewa la Fomu 4, panja amatha ola lathunthu akufotokoza chimene chidamuipitsa Killmonger, napereka umboni wochokera m'nkhani momwemo. Luso lake ndi lomwelo limene mayeso a MSCE amafuna. Agogo ankachitanso chimodzimodzi pa nthano za Kalulu, amene amapambana mwa bodza ndi chinyengo koma ana namuombera m'manja. Funso loti Kalulu ndi wabwino kapena woipa lidakalipobe osayankhidwa.

Kulosera za mtsogolo ndiko kumakometsa mtsutsowu. T'Challa atasanduka fumbi kumapeto kwa Infinity War, oonera adatha chaka akulimbana ngati adzabwerenso, ndipo adabweradi mu 2019. Koma mu Ogasiti 2020 Chadwick Boseman, amene ankasewera ngati mfumuyo, adamwalira ndi matenda a khansa ali ndi zaka 43, imfa imene wolemba nkhani aliyense sakadatha kuibweza. Okonda mafilimuwa m'maiko ambiri adayamba kulosera: ena ankati pabwera munthu wina kudzavala dzinalo, ena ankati Killmonger adzaukitsidwa kuti alape ndi kutenga mpando. Filimu yachiwiri itatuluka mu 2022, mphamvu za Black Panther zidapita kwa Shuri, mlongo wake wa T'Challa. Ndipo Shuri atamwa mankhwala aja kuti akaonane ndi mizimu ya makolo, amene adamupeza akumudikira pa mpando wachifumu sadali mayi wake kapena mchimwene wake, koma Killmonger.