MATENDA A NKHOPE ZIWIRI: ZIMENE BANJA LIYENERA KUZINDIKIRA

M'midzi yathu muli matenda ena amene amatha cuma ndi kupasula mabanja, koma anthu ambiri sadziwa kuti ndi matenda. Madotolo amawacha bipolar disorder. Matendawa ali ndi nkhope ziwiri: nthawi ina munthu amatakasuka mopitirira muyeso, nthawi ina amagwa m'cisoni cacikulu. Pakati pa nthawi ziwirizi angathe kukhala bwinobwino kwa miyezi kapena zaka. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matendawa. Amagwira amuna ndi akazi omwe, ndipo kawirikawiri amayamba munthu akali mnyamata kapena mtsikana.

Nkhope yoyamba imayamba kuonekera pa tulo. Munthu amagona maola awiri kapena atatu okha, koma m'mawa amadzuka ndi mphamvu, osadandaula kutopa. Apa ndi pamene amasiyana ndi munthu wosowa tulo kaamba ka nkhawa, pakuti uyo amacezera kuyasamula tsiku lonse. Wodwalayu amalankhula mofulumira, osapatsa mnzake mpata, ndipo nkhani zake zimalumphalumpha. Amayamba nchito zambiri nthawi imodzi, monga kuumba njerwa, kukumba citsime ndi kumanga sitolo, koma palibe imene amaitsiriza. Ena amadziona ngati olemera kwambiri, ena ngati aneneri otumidwa kudzaweruza mudzi. Ndalama za cimanga, nshawa kapena thonje zimene banja linasungira feteleza zimatha pa masiku ocepa, ndipo ngakhale ng'ombe zolimira zimagulitsidwa. Munthu amene anali wofatsa amayamba ndeu, kuledzera kapena ciwerewere. Khalidweli likapitirira kwa sabata yathunthu kapena kuposerapo, madotolo amaliona ngati cizindikiro ca matenda.

Poyamba acibale amakondwa, nanena kuti m'bale wao wacangamuka. Koma akuluakulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Mphamvu yotereyi ndi ya matenda, ndipo ikatha imasiya ngongole ndi manyazi.

Nkhope yaciwiri ndi cisoni cozama cimene cimakhala masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku liri lonse. Munthu amabindikira m'nyumba. Nsima siimkoma, kusamba kumamlemera, ndipo khasu saligwira ngakhale mvula itagwa. Ena amagona usana wonse, ena tulo timawathawa. Amadziimba mlandu pa zinthu zazing'ono, nadziona ngati mtolo kwa anzake. Anthu amamunena kuti ndi waulesi, pamene iye ali kudwala. Ngati ayamba kulankhula za imfa, mau amenewo asatengedwe ngati nthabwala. Musamsiye yekha, bisani mankhwala ophera tizirombo ndi zingwe, ndipo pitani naye kucipatala tsiku lomwelo.

Cobvuta pa matendawa n'cakuti nkhope ziwirizi zimatalikirana, motero anthu sazilumikiza. Wodwala amabvomera kupita kucipatala pamene ali m'cisoni, ndipo sachulako za nthawi imene anali wotakasuka, cifukwa kwa iye imeneyo inali nthawi yabwino. Dotolo akamva za cisoni cokha angapereke mankhwala a cisoni okha, ndipo kwa munthu wa matendawa mankhwala otere angathe kuutsa nkhope yoyamba ija. Pa cifukwa cimeneci mkazi, mwamuna, kholo kapena malume amene amakhala naye ayenera kumperekeza ndi kufotokoza mbiri yonse: kuti anasiya liti kugona, anamwaza liti ndalama, cisoni cinayamba mwezi uti, ndiponso ngati m'banjamo munali wina amene anadwala motere. Matendawa amayenda m'magazi a banja, ngakhale kuti si mwana aliyense amene amawatenga. Sapatsirana podyera mbale imodzi, ndipo sacokera kwa mfiti.

Si kusokonezeka kuli konse kumene kuli matendawa. Cisoni ca maliro n'cacibadwa ndipo cimacepa pang'onopang'ono. Kacasu ndi camba zimasintha khalidwe, ndiponso zimakulitsa matendawa mwa amene ali nao. Munthu akasokonezeka mwadzidzidzi uku thupi litatentha, khosi litauma kapena akukomoka, angakhale ndi malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo ayenera kuthamangitsidwa kucipatala msanga. Mai amene wangobereka kumene akasiya kugona nayamba kulankhula zosamveka afunikanso thandizo lamwamsanga, pakuti masabata oyamba atacira ndi nthawi imene matendawa amabuka mwamphamvu.

Mankhwala alipo. M'caka ca 1949 dotolo wa ku Australia, John Cade, anaonetsa kuti mankhwala ochedwa lithium amakhazika pansi munthu wotakasuka. Palinso carbamazepine ndi sodium valproate. Mai wapakati, kapena amene afuna kutenga pakati, auze dotolo asanayambe kumwa, cifukwa ena mwa mankhwalawa, makamaka valproate, amabvulaza mwana m'mimba. Mankhwala samathetseratu matendawa, koma amawaletsa kubwera pafupipafupi. Ambiri amabwerera m'mbuyo kaamba kosiya kumwa ataona kuti apeza bwino.

Thandizo limayambira pa kiliniki ya pafupi, kumene amatumiza wodwala ku cipatala ca boma kapena ku cipatala cacikulu monga ca Chipata Central. Ofunika cisamaliro capadera amapita ku Chainama Hills mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962. M'caka ca 2019 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act, limene limateteza ufulu ndi ulemu wa odwala matenda a maganizo. Kumanga munthu ndi unyolo pa mtengo, kumkwapula kapena kumusala ndi nkhanza zimene siziciritsa.

Munthu womwa mankhwala mokhulupirika, wogona pa nthawi yake ndi wopewa mowa angathe kulima, kuphunzitsa ndi kulera ana monga wina aliyense. Banja lidziwe cizindikiro coyamba ca m'bale wao. Akatha usiku uwiri kapena utatu osagona koma osatopa, musadikire kuti ng'ombe zicoke m'khola. Pitani naye ku kiliniki.