Anthu ogwira ntchito yopeza misala ikadali poyambira

Mnyamata wa Fomu 3 akasiya kusamba, n'kumadzitsekera m'nyumba, n'kumayankha anthu amene ena sakuwaona, mawu oyamba pakhomo amakhala akuti "walodzedwa" kapena "ndi chamba chimenechi." Ulendo woyamba umakhala wa kwa sing'anga, wachiwiri wa kumapemphero. Kuchipatala amafikako pomalizira, mwina atamumanga zingwe, miyezi kapena zaka zitadutsa. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kufupikitsa nthawi imeneyi, chifukwa matendawa akakhalitsa opanda mankhwala, kuchira kumavuta, sukulu imathera panjira, ndipo anzake amabalalika.

Ganizo loti achinyamata odwala koyamba akhale ndi owasamalira awoawo linakhwimira ku Melbourne, ku Australia, komwe dokotala Patrick McGorry anayambitsa chipatala cha EPPIC mu 1992. Ku England, kuyambira mu 2016, cholinga chawo n'chakuti wodwala wotere ayambe kuthandizidwa pasanathe masabata awiri, ndipo amamutsatira kwa zaka zitatu. M'gulu lomusamalira mumakhala dokotala, namwino, wophunzitsa banja za matendawa, ndi wina womuthandiza kubwerera kusukulu kapena kuntchito.

Kuno kwathu madokotala akuluakulu a matenda a maganizo ndi owerengeka, ndipo malo odziwika ndi Zomba Mental Hospital, Bwaila ku Lilongwe ndi St John of God ku Mzuzu. Choncho katundu yense wa gulu lija amagwera akilinikolo ndi anamwino a pachipatala cha m'boma, nthawi zina munthu mmodzi.

Luso la namwino wotere limaonekera pa mafunso ake. Sathamangira jekeseni. Amafunsa mayi kuti mwanayu anayamba liti kusagona, mawu amene akumvawo akumuuza chiyani, kodi thupi linatenthapo, kodi amagwa khunyu. Malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi nawonso amasokoneza mutu, ndipo kuwaphonya n'kutaya munthu. Akatsimikiza, amalemba chlorpromazine kapena haloperidol m'buku lachipatala. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni imayambira. Mankhwalawa amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja ndi kutulutsa dovu. Ndi mnyamata uti wa zaka 18 angalole kuoneka chonchi pamaso pa atsikana a m'mudzi mwake? Amangowasiya mwakachetechete, matenda n'kubwerera. Namwino wodziwa ntchito amamuchenjezeratu, amachepetsa mlingo, amamupatsa benzhexol, kapena amamusinthira ku jekeseni ya pamwezi ya fluphenazine, ngati ilipo m'famase tsiku limenelo.

Kumudzi kuli mlangizi wa zaumoyo, yemwe uja wa njinga amene tinamuzolowera pa sikelo ya ana ndi katemera. Ntchito ya PROMISE, ya Kamuzu University of Health Sciences pamodzi ndi University of Edinburgh, yakhala ikuphunzitsa alangizi otere ku Chiradzulu ndi ku Salima kuzindikira zizindikiro msanga, komanso kugwirizana ndi asing'anga ndi atsogoleri a mipingo. Ine ndimaona kuti nzeru yagona pamenepo. Sing'anga ndi amene amayamba kumuona wodwalayo, ndiye kumuyesa mdani n'kudzitsekera khomo wekha.

Wogwira ntchito wina salembedwa paliponse ndipo salandira kanthu: gadiyani. Kawirikawiri amakhala mayi kapena agogo. Ndiye amawerenga mapiritsi madzulo, kusaka ndalama ya kabaza tsiku lokaonana ndi adokotala, ndi kupirira miseche ya pachitsime yakuti mwana wake ndi wamisala.

Inu aphunzitsi ndi makolo, mwana akasintha chonchi musadikire kuti ayambe kuvula kapena kugenda anthu. Mupite naye sabata lomwelo. Kuchipatala cha boma salipiritsa.